Chibaba chimatha, asisi, musachigonjere

Asisi amene mukusiya fodya, musamadzione ngati ofooka chibaba chikakugwirani. Chili ndi nthawi zake: mukangomaliza kudya, mukakangana ndi chibwenzi, kapena Lachisanu shisha ikamazungulira patebulo. Koma chimabwera n'kudutsa pa mphindi zochepa chabe. Ndiye konzekeranitu. Mwadya? Nyamukani, katsukeni mano. Mwapsa mtima? Imwani madzi, imbirani mnzanu. Masabata oyambirirawa mowa uyambe waima, chifukwa ndi umene umakokera ku ndudu.

Nanunso anzake, zomati "kamodzi kokha aise" tasiyani. Fodya amawonjezera chiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikupha amayi ambiri kuno ku Malawi. Mnzanu akati wasiya, mubisireni machesiwo.