Lole ya Ulendo Wathu Ikhotere ku Mapiri a Kwathu

Anzanga ophunzira, nyengo ya ulendo wa sukulu yayandikanso, ndipo m'nyumba zathu zogonamo mukumveka dzina limodzi lokha, ndilo Blantyre. Ena afuna kukaona ndege ku Chileka, ena nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri, koma ambiri, tikanena zoona, afuna kukadya tchipisi ndi kujambulitsa patsinde pa nyumba zosanja. Ndipempha Akonzi andipatseko malo pang'ono kuti ndinene maganizo osiyana, ngakhale ndidziwa kuti ena andiyang'ana ndi diso lofiira pa nsima ya madzulo. Ine nditi chaka chino lole ikhotere ku mapiri a kwathu konkuno, ku Chenkumbi m'boma la Balaka ndi ku Chikala m'boma la Machinga.

M'phunziro la Jogalafe tonse tidaloweza liwu lija lakuti karst. Tidamva kuti dzinali lidachokera ku chitunda china cha m'malire a Slovenia ndi Italy, kumene nthaka yakhala pa mwala wa laimu. Mvula pogwa itenga mpweya wa carbon dioxide nisanduka asidi wofooka. Madziwo alowa m'ming'alu ya mwala nausungunula pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi, kufikira mng'alu usanduka phanga ndipo mtsinje umira pansi osaonekanso. Tidamva za mapanga a Postojna ku Slovenia komweko, ndi za Batu Caves ku Malaysia, kumene Ahindu akwera makwerero 272 kuti akapembedze m'kachisi wa m'phanga. Pafupi pano pali mapanga a Chinhoyi ku Zimbabwe, dziko limene agogo athu ambiri adakagwirako ntchito, ndipo pansi pake pali dziwe la madzi obiriwira ngati thambo. Zonsezi tilemba pa mayeso, ndiponso tikhoza bwino. Koma tatolani miyala iwiri, muike m'manja mwa mnyamata wa Fomu 4, mumufunse kuti wa laimu ndi uti. Adzangokanda m'mutu.

Chikhalirecho mwala umenewu uli pakhomo pathu. Mapiri a Chenkumbi ndiwo a mwala wa laimu, ndipo njereza imene tipaka makoma a makalasi athu mlendo wamkulu akamadza ndi ya mtundu womwewo. Anthu a kumeneko aswa miyala ndi nyundo, naiunjika m'ng'anjo pamodzi ndi nkhuni, naitentha kufikira moto ufika pafupi ndi madigiri 900. Mwala ukapsa authira madzi, ndipo ufufuma, utentha, nugumuka kukhala ufa woyera umene ausefa ndi kuulonga m'matumba. Kodi si Sayansi yomwe ija tiiona m'buku ngati zilembo zouma? Kumeneko munthu aiona ndi maso, ndipo utsi wake umlowa m'mphuno.

Pali chinanso chimene chindifulumiza. Ng'anjo zimenezi zidya nkhuni zambiri zedi, makamaka mitengo yolimba monga tsanya, ndipo mwala umene wapsa subwereranso paphiri. Sindidzudzula anthu otentha laimu, pakuti ena mwa ife fizi yathu ichokera m'matumba omwewo. Ndingoti Chileka adzakhalapo chaka chamawa, koma thanthwe limene tikadaliona chaka chino mwina lidzakhala litapakidwa kale pa khoma la sitolo. Akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Taonani phiri la Kangankunde, m'boma lomwelo la Balaka: anthu adachoka ku Australia kudzayesa miyala yake ya mtengo wapatali, pamene ife obadwira m'mphepete mwake sitidziwa ndi njira yomwe yopitira.

Tikachoka ku Balaka tingaoloke Shire pa Liwonde ndi kukaona zipilala za Malape. Izi si za laimu ayi, ndipo ubwino wake ndi womwewo, chifukwa tidzatha kuyerekeza: uku madzi asungunula mwala, uko angokokolola nthaka yofewa nasiya nsanamira zitaimirira ngati makoma a mudzi wamabwinja. Pamwamba pake pali mapiri a Chikala, pamene Mfumu Kawinga adamanga linga lake, limene asilikali a Angerezi adalilanda mu 1895. Chotero a Mbiri Yakale nawonso sadzabwerako chimanjamanja.

Tsono ndiyankhe amene akuti malo otere ngoopsa, kuli njoka, mileme ndi mizimu. Za njoka, ndodo ndi nsapato zikwanira. Za mizimu ndinena mosamala. Pakati pathu pali Akhristu ndi Asilamu, ndipo palibe amene akutiuza kuti tikathire nsembe. Koma phanga kapena nkhalango imene eni dera aiyesa yopatulika si bwalo la mpira. Ngakhale ku Khulubvi, kachisi wa Mbona ku Nsanje, munthu salowa popanda chilolezo cha osunga malowo. Ifenso tiyambe taonekera kwa a mfumu a mudzi, atipatse munthu wamkulu wotitsogolera, ndipo pamene iye ati apa musapondepo, tisapondepo.

Ndiponso makala ndi choko zitsale kusukulu. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Komabe pa miyala ina anthu adalembapo maina awo pamwamba pa zithunzizo. Zimenezo nzochititsa manyazi, ndipo sindifuna kuti dzina la sukulu yathu likapezeke pa thanthwe lililonse la ku Chikala.

Za ndalama sindichulukitsa mawu: ulendowu ngwaufupi, tidzapita m'mawa ndi kubwera dzuwa lisanalowe, kamba wathu ndi mbatata zophika za kukhitchini konkuno. Pa msonkhano wa Loweruka ndidzaimika dzanja pa Chenkumbi ndi Chikala. Aphunzitsi a Sayansi ndiwapempha adzanyamule kabotolo ka asidi wofooka, kuti aliyense adzadonthezere yekha pamwala ndi kuona thovu likutuluka.