Chindapusa Chikatitsatira Kumudzi

Tikapita kukaona ana ku Johannesburg kapena ku London, ena mwa ife timachita hayala galimoto kuti tiziyenda momasuka. Nthawi zina patapita masabata angapo tili kumudzi, pafoni pamabwera uthenga woti kampani ya galimoto ija yadula ndalama pa khadi lathu la kubanki chifukwa cha mlandu wa pamsewu. N'kosavuta kuganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma kawirikawiri imakhala isanathe.

Kamera ya pamsewu imawerenga nambala ya galimoto, choncho kalata imapita kwa mwini wake, yemwe ndi kampani. Kampaniyo imapereka dzina ndi adiresi yathu kwa akuluakulu oona za pamsewu, n'kutilipiritsa pa ntchito imeneyo monga tidasainirana. Ndalama imeneyi si chindapusa ayi. Makampani ena amalipira chindapusacho n'kutidula zonse pamodzi, ena amatisiyira kuti tilipire tokha. Tiwalembere, tifunse chimene ndalama yadulidwayo yalipira, ndipo tipemphe atitumizire kalata ya mlanduwo.

Kalatayo ikafika, tifananize tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya galimoto ndi zomwe zili pa mapepala athu a hayala. Ngati tsikulo tinali titabweza kale galimoto, lisiti yobwezera ndiyo mboni yathu. N'chifukwa chake mapepala a ulendo sitiyenera kutaya msanga.

Ngati mlandu ndi woona, kuchedwa n'kumene kumaononga ndalama. Ku Johannesburg ndi ku Tshwane, pansi pa lamulo la AARTO, wolipira m'masiku 32 amapereka theka chabe. Masikuwo akadutsa mwayiwo umatha, ndipo pamaonjezeka ndalama ina ya kalata yokumbutsa. Woona kuti wanamiziridwa amalembera bungwe la RTIA m'masiku omwewo. Ku London, chindapusa cha wolowa pakati pa mzinda osalipira Congestion Charge chimatsika ndi theka chikalipidwa m'masiku 14, koma chikangokhala masiku 28 chimakwera ndi theka lina.

Tichenjerenso ndi akathyali amene amatumiza mauthenga onama a chindapusa. Tisadine linki ya mu uthenga wotere. Tipite tokha pa tsamba la intaneti la ofesi yomwe yalemba mlandu, tilowetse nambala ya kalata, tilipire pomwepo, n'kusunga lisiti.

Wina angati, “Andipeza bwanji kuno?” Komatu kampani ili ndi khadi lathu, ndipo ngongole yotere itha kuperekedwa kwa otolera ngongole itafufuma kale. Kuibisa m'kabati kumangotisowetsa tulo, ndipo kubisira mnzathu wa m'banja kumadzetsa mkangano pomwe ndalama ya fizi kapena ya feteleza ikapezeka yaperewera. Tikhale pansi awiri tsiku lomwelo, tione pomwe tingachotse ndalamayo, tilipire mtengo ukadali wotsika.