CITUPA CINATHA, MANTHA SANATHE

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi, imvani za ife oyendetsa magalimoto a ku Bertrams, pafupi ndi bwalo la Ellis Park kuno ku Joni.

Makolo athu anali kugwidwa cifukwa ca citupa. Lamulo la zitupa linafafanizidwa m'caka ca 1986, koma mwambo wace udakalipo. Wapolisi wina akatiimitsa usiku sayamba ndi layisensi ai; ayang'ana khungu, namvetsera lilime, nafunsa dzina la cigongono m'Cizulu. Tikalephera, tasanduka okayikitsa, ndipo afuna ndalama ya cakumwa.

Mantha athu sali acabe. Pa 26 February 2013, ku Daveyton, apolisi anamangirira Mido Macia, woyendetsa takisi wa ku Mozambique, kumbuyo kwa galimoto lao, namkoka pamseu. Anafera m'citolokosi usiku womwewo. M'caka ca 2015 apolisi asanu ndi atatu analamulidwa kukhala m'ndende zaka 15 aliyense. Cimene cinawatsutsa ndico cithunzi cimene woonerera anajambula pa foni.

Taonani, cilungamo cinadza pakuti panali mboni. Cotero tiyende ndi makalata athu, tisunge nambala ya galimoto lotiimitsa, tikadandaule ku IPID, bungwe lofufuza apolisi. Tidziwenso kuti m'caka ca 2017 Bwalo Lalikulu la Malamulo linagamula kuti wotsekeredwa kuti abwezedwe kwao aonekere kwa woweruza maola 48 asanathe.

Mnzathu akaimitsidwa, tisapitirire ngati sitinaone. Mutu umodzi susenza denga.