Mlandu wa foni tikuuzenga molakwika

Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kumvano, ngakhale pamaliro akulu ampingo akangopatsidwa mpata, nkhani masiku ano ndi imodzi kuchokera ku Mvera mpaka kwa Malomo: foni ndi kanema zawononga ana. Mwana akalephera mayeso a sitandade 8, ndi foni. Akadandaula mutu, ndi foni. Akayankha agogo ake mwamwano, ndi foni yomweyo, chikhalirecho pakhomopo foni ndi imodzi, ya mabatani, ndipo imagona m'thumba mwa bambo. Mankhwala ake nawo ndi amodzi: alandeni.

Ndinene msanga pomwe ndaima. Kukhalitsa pa foni kapena pa kanema kumawononga thanzi, inde, koma osati m'njira imene tikukuwirayi. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi chimene chikutha ndi tulo ta ana, macheza a kholo ndi khanda, komanso ndalama ya ndiwo. Ndipo kawirikawiri wogwira foniyo si mwana ayi, ndi munthu wamkulu.

Mantha amene tatengawa adabadwira kutali. Mu 2024 Jonathan Haidt wa ku America adatulutsa buku lotchuka lonena kuti mafoni ndiwo adzetsa nkhawa pakati pa achinyamata, ndipo chaka chomwecho dziko la Australia lidakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo. Kumeneko mwana amakhala ndi foni yakeyake, magetsi sathima, intaneti ili m'nyumba usana ndi usiku. Kuno kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja okhala ndi foni anali pafupifupi theka lokha, ndipo nyumba zowunikira magetsi zinali pafupifupi imodzi mwa khumi zilizonse. Kuchokera pamenepo masola achuluka, mafoni otsekula intaneti nawo afika m'midzi, sindikukana. Koma pitani pamalo otchajira mafoni pa Mponela kapena pa Madisi tsiku la msika. Mafoni amakhala atandalika pathebulo, iliyonse yomatidwa kapepala ka nambala, mwini wake ali uko kogula feteleza, adzaitenga dzuwa litapendeka. Foni yotchajitsa ndi ndalama, yodalira bandulo yotha pa tsiku limodzi, siingadye maola asanu ndi limodzi a mwana. Batire limamuletsa kholo lisanatsekule pakamwa.

Ngakhale kumaiko komwe mafoni ali mbwee, umboni si wamphamvu monga alaliki athu akuunenera. Mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku yunivesite ya Oxford adasanthula mayankho a achinyamata oposa 350,000 a ku Britain ndi America. Adapeza kuti pa kusiyana kwa mtendere wa mumtima pakati pa achinyamatawo, zipangizozi zimakhudzana ndi gawo losaposa 0.4 pa 100 aliwonse, kukula kwake kofanana ndi kwa kudya mbatata ya kachewere. Alimi a kachewere a ku Ntchisi asade nkhawa, palibe wati adzalande mbewu yawo. Phunziro lake n'lakuti kungowerenga maola sikutiuza zambiri.

Nanga za maso? Amati foni imawotcha maso. Choona n'chakuti munthu akayang'anitsitsa pagalasi saphethira pafupipafupi, maso amauma ndi kutopa, mutu n'kumawawa, ndipo akapuma zimatha. Vuto lokhalitsa ndi losaona patali, lomwe lakula kwambiri kummawa kwa Asia. Kafukufuku wa m'sukulu za ku Guangzhou, ku China, yemwe adatuluka mu 2015, adaonetsa kuti kungowonjezera mphindi 40 zosewera panja tsiku lililonse kudachepetsa ana oyamba vutoli. Mwana wa ku Kongwe woyenda mtunda kupita kusukulu, masana n'kukadyetsa mbuzi, dzuwa samalisowa. Maso ake akafiira, yambani mwafunsa kuti wakhala nthawi yaitali bwanji m'khitchini mofuka utsi wa nkhuni zaziwisi.

Tsono a gulu la "alandeni" ali ndi pomwe akunena zoona, kungoti akuloza munthu wolakwika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe kanema kapena foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Chifukwa chake si kuwala kwa galasi. Khanda limaphunzira kuyankhula munthu akamaliyankha: likati "ba", mayi n'kubwereza, likaloza nkhuku, wina n'kutchula dzina lake. Katuni sayankha. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ali opinimbira, ubongo wa mwana uli kale pampanipani, ndiye kuumananso macheza n'kuwonjezera katundu. Chizolowezi chotontholetsa mwana ndi foni chikukula makamaka m'nyumba za apantchito ndi a mashopu pa boma la Dowa, pa Ntchisi ndi pa Mponela, momwe muli magetsi. Muoneninso mayi woyamwitsa maso ali pa WhatsApp, kapena bambo womufukata mwana kwinaku akuseka za pa TikTok. Pamenepa tilanda foni ya yani? Make mbuu, mwana mbuu.

Galasi limene likudya tulo ta ana akumudzi silili m'manja mwawo, lili kuvidiyo sho. Kachisakasa kotchinga ndi masaka kapena mapepala akuda, mabenchi a matabwa, sipika panja ikubangula mawu a womasulira filimu m'Chichewa, ndipo ana opanda kolipira akusuzumira pazibowo. Mpira waukulu wa Champions League, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Malichi, umayamba 10 koloko usiku nthawi yathu ndi kutha chapakati pa usiku. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12 ogona, wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Mnyamata wochokera kumpira pakati pa usiku, n'kudzutsidwa mbandakucha kuti akayambe wapalira kumunda asanapite kusukulu, sakwanitsa ngakhale maola asanu ndi limodzi. Amasinza m'kalasi, sachedwa kupsa mtima, zophunzira sizikhazikika. Aphunzitsi akunena zoona kuti mwanayo wasintha. Koma foni alibe.

Palinso nkhani imene pamisonkhano ija siitchulidwa, poti imakhudza okhala pamipando yakutsogolo: kubetcha. Kandege kobetchera kaja kamauluka pafoni ya bambo usiku wonse, ndipo nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza ndiyo kamadya bwino. Ndalama ikapita, imapita ndi dzira la mwana, sopo ndi thiransipoti ya kuchipatala, kenako m'nyumba mumalowa ndewu. Ngati pali njira imene foni ikudwalitsira mwana wa kwa Nthondo, ndi imeneyi, iye asanaigwire n'komwe.

Olandawo satiuza chimene tingataye. Foni yomweyo ndi imene mayi woyembekezera amaimbira ulere Chipatala Cha Pa Foni, ntchito yomwe idayambira ku Balaka mu 2011. Ndi yolandirira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, ndi yomvera mawu a mwana amene ali ku Joni. Ku Dzaleka, komwe kwakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994, banja lochokera ku Congo kapena ku Burundi limaonana ndi abale ake pagalasi lomwelo. Ndipo boma lenilenilo likugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale okhala ndi maphunziro a onebillion owerenga ndi masamu m'Chichewa. Mmawa mwana aphunzire zilembo pagalasi, masana komiti ya sukulu imuuze kuti galasi ndi poizoni?

Zochita zake si zapatali. Mlangizi wa zaumoyo kusikelo, poyeza kulemera kwa mwana, atha kufunsanso kuti mwanayo amagona nthawi yanji ndipo amamutontholetsa ndi chiyani. Banja litha kugwirizana kuti pa nthawi ya nsima ndi pogona foni ikhale pambali, kuyambira ya bambo. Mafumu, omwe amadziwa kale kuika malamulo a m'mudzi oletsa maukwati a ana, atha kulamula kuti mwana wasukulu asapezeke kuvidiyo sho kukada kapena nthawi ya maphunziro, ndipo chindapusa alipire mwini malowo. Chovuta n'chakuti mwini malowo nthawi zina ndi mphwake wa mfumu, ndipo bambo wokuwa kuti ana alandidwe mafoni ali ndi benchi yake yodziwika m'chisakasamo.