Mwala Woyamba wa Wophunzira Kunola Lumo

Chiyambire 1904, pamene King Camp Gillette wa ku America anapatsidwa umwini wa luso lake la lezala lotaya likabuntha, lumo lopinda lija ankasula amisiri a ku Sheffield, ku Solingen ndi ku Thiers lakhala likusowa m'manja mwa anthu. Komabe silinafe, pakuti kampani ya Dovo, imene inayamba ku Solingen mu 1906, ikusulabe kufikira lero, ndipo amuna ena otopa ndi kugula malezala mwezi ndi mwezi ayambanso kulifuna. Ndi kwa oterewa kumene ndikulankhula, chifukwa zimandipweteka mtima kuona munthu wachangu akutaya chuma chake pa miyala yonolera imene dzanja lake silinafike poidziwa, kenaka n'kutaya mtima ndi luso lonse.

Wophunzira akamva mbiri ya Coticule, mwala wachikasu wokumbidwa kufupi ndi Vielsalm ku Belgium, kapena ya miyala ya m'mapiri ozungulira Kyoto ku Japan, mtima wake umakhumbira, ndipo sindimudzudzula, pakuti ndi miyala yaulemu ndithu. Koma mwala wokumbidwa m'nthaka suli ndi nambala yosonyeza kukhakhala kwake, ndiponso iwiri yochokera m'dzenje limodzi imatha kunola mosiyana. Tsono lumo likakana kumeta, wophunzirayo adzadziwa bwanji ngati cholakwa chili m'mwala kapena m'dzanja lake? Iye ayambe ndi mwala wopangidwa ku fakitale, wonolera ndi madzi, umene khalidwe lake n'lodziwika kale.

Ndipotu choyamba kugula si mwala konse, koma lamba wachikopa wopukutirapo lumo musanamete, msana wa lumolo uli patsogolo. Lumo lonoledwa bwino limatha miyezi likudalira lamba yekhayo. Akhale wotchipa, popeza mudzamucheka ndithu musanazolowere. Pambuyo pake pabwere mwala umodzi wa mbali ziwiri, 4000 kwina ndi 8000 kwina, monga uja wa Norton, wotambalala mainchesi 3 kuti lumo ligone lonse. Wa 1000 ufunika pokhapokha lumo labunthiratu kapena labenthuka, ndipo wa 12000, monga wa Naniwa, udikire tsiku limene mudzameta mosamva kuwawa ndi lumo lochokera pa 8000, chifukwa mwala wosalala sukonza chimene wokhakhala unasiya chopotoka.

Pali chinthu chimene ogulitsa satchula kawirikawiri, chimene kwa ine chiposa mwala wachitatu ndi wachinayi womwe. Mwala wonolera ndi madzi umadyeka, numachita chigwa pakati, ndipo ngakhale watsopano sutsimikizika kuti ndi wathyathyathya. Tsono lumo, mosiyana ndi mpeni umene munthu amaupendeketsa ndi dzanja, limagona pamwala msana ndi kuthwa pamodzi, kotero kuti mwala ukapindika, kuthwako kupindikanso. Mankhwala ake ndi otchipa: galasi lochindikala, sandipepa wosaopa madzi, ndi pensulo. Jambulani mizere yopingasana pamwalapo, muukhuze pa sandipepa wonyowa amene mwamuyala pagalasi kufikira mizere yonse itafufutika, kenaka mupale pang'ono m'mphepete mwake kuti musakande chitsulo. Amene ali nazo ndalama agule chitsulo chadayamondi cha Atoma kapena DMT, koma galasi likwanira.

Mwala wa kuseri kwa nyumba, uja tinolerapo zikwanje ndi nkhwangwa, tiulemekeze pa ntchito yake, koma lumo lisaukhudze. Mchenga wake ndi waukulu, ndipo udzasiya mano pa chitsulo chopyapyala chimene chiyenera kuyenda pakhosi pa munthu.

Ndikadakhala ndi mphamvu yolamula, ndikadati wophunzira aliyense akhale ndi malumo awiri: lina lakale, lotchipa koma lachitsulo chabwino ndi losapindika, loti aphunzirirepo mosaopa, lina lonoledwa ndi mmisiri wodziwa, loti likhale muyeso wake, pakuti amene sanamvepo kukoma kwa lumo lakuthwa sangadziwe chimene akufunafuna. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mawuwo ndi oona kwenikweni: dzanja likhale lopepuka, kulemera kwa lumo lokha kugwire ntchito, kuthwa kutsogole pamwala, ndipo potembenuza lizungulire pamsana. Kagalasi kokuza zinthu, konga ka okonza mawotchi, kadzakuonetsani ngati mikwingwirima ya mwala yafika kumapeto kwenikweni kwa chitsulo. Mukatha, pukutani lumo liume bwino lisanapindidwe, chifukwa dzimbiri limayamba usiku umodzi wokha. Ndipo musabwereke mnzanu lumo lanu, angakhale mbale wa bere limodzi, popeza matenda a m'magazi monga a chiwindi amayenda pa chitsulo chimene chacheka khungu.