Chipinda chimodzi chokha

Mvula yoyamba ya chaka chatha inandigwiritsa ntchito ya usiku. Madzi anadzera kukhomo la kukhitchini, nadutsa pabalaza ngati mlendo wodziwa njira, ine ndili kalikiliki kuwakankha ndi tsache. Pakhomopa ndakhalapo zaka zambiri, izi zinali zisanachitikepo. Kutacha ndinapita kukaona kuseri, ndipo nkhani yonse inali poyera: aneba anga anali atawonjezera chipinda cha lendi, khoma lake litakhala pamwamba penipeni pa ngalande imene inkatulutsa madzi a nyumba zathu zinayi.

Nditawafunsa ngati pulani yake inadutsa kukhonsolo, anandiyang'ana modabwa. "Achimwene, chipinda chimodzi chokha, pa puloti yangayanga, mpaka kukhonsolo?"

Sanayankhe mwamwano. Umu ndi mmene ambirife timaganizira. Timati pulani ndi ya omanga nyumba zosanja ku Area 10 kapena ku Namiwawa, osati ife a ku Area 25, ku Kawale kaya ku Machinjiri, amene timamanga pang'onopang'ono, matumba asanu a simenti mwezi uno, malata mwezi wamawa. Koma lamulo la Physical Planning Act la mu 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya mu 1988, silifunsa kuti munthu uli ndi zingati m'thumba. Limafunsa chimene ukusintha pamalopo.

Kupenta, kuika matailosi, kusintha malata odontha, kukonza siling'i yodyedwa ndi chiswe, zimenezo n'zapakhomo panu, chitani. Nkhani imayamba mukakumba maziko atsopano. Kuwonjezera chipinda, kumanga boyizi kota, kutseka khonde kuti likhale chipinda chogona, kusanja nyumba ina pamwamba, zonsezi zimafuna chilolezo njerwa yoyamba isanayalidwe. Palinso china chimene ambiri sachiganizira n'komwe, chifukwa sipaoneka mchenga kapena mmisiri: kusintha ntchito ya nyumba. Nyumba yogona ikasanduka loji, sukulu ya mkaka, tchalitchi kapena bala, kumenekonso n'kopempha, ngakhale simunagwetse khoma ndi limodzi lomwe. Amene anagonapo pafupi ndi nyumba yosanduka bala akudziwa chifukwa chake. Ndipo ngati mukukhala m'nyumba ya Malawi Housing Corporation imene simunagule, eni nyumba ayambe avomera kaye.

Pulani ikafika kukhonsolo, kaya ya Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu, anthu ake amaona zinthu zimene mwini puloti, mtima uli pa ndalama ya lendi, sazilabadira. Khoma latalikira bwanji kuchokera pamabikoni? Lalowa m'malo osiyira msewu? Pansi pake pakudutsa paipi ya madzi, kapena pamwamba pali mawaya a ESCOM? Thanki ya chimbudzi idzapopedwa bwanji galimoto ikasowa polowera? Maziko amene anakumbidwira nyumba yapansi angasenze ina pamwamba? Ndipo madzi a padenga latsopanoli azipita kwa yani? Onani mafunsowa bwino: ambiri sakunena za womangayo, koma za munthu wa kuseri kwa mpanda, ndi mwana wa alendi amene adzagone m'chipindamo.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Tinaziona ku Lilongwe mu 2017 pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire ndi ku Area 47. Tinaziona moopsa mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe. Sindikunena kuti chidindo cha khonsolo chingaimitse phiri. Koma tawuni sidzaza tsiku limodzi. Imadzaza ndi zipinda ngati cha aneba angachi, aliyense akunena kuti chake n'chimodzi chokha, mpaka madzi asowe podutsa.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Wojambula pulani amafuna ndalama, kukhonsolo kuli ndalama yolipira kuti aione, ndiye pali kudikira komiti yoona mapulani kuti ikumane, mtengo wa simenti ukukwera. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo makhonsolo akadachita bwino kukhala ndi njira yachidule, yotsika mtengo, ya ntchito zing'onozing'ono, ndi mapulani okonzeratu a chipinda chimodzi kapena ziwiri amene munthu angangogula. Njira ikakhala yaitali, anthu amalambalala. Komabe werengerani mbali inayo. Khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ngakhale yogwetsa chomangidwa popanda chilolezo, ndipo sibweza thumba la simenti ndi limodzi lomwe. Tsiku lokagulitsa nyumbayo, kapena lokaipereka chikole kubanki, chipinda chimene kulibe papepala chimasanduka funso lovuta kuyankha.

Ine ndi aneba anga sitinatengerane kubwalo. Tinakhala pansi ndi anyumba zina ziwirizo, aneba angawo anavomera kugula mapaipi, ife tinathandiza kukumba. Mmisiri anaboola pansi pa chipindacho, alendi ali momwemo, katundu ataunjika pabedi. Ntchitoyo inadya lendi ya miyezi ingapo, ndipo khoma la mbali ya ngalande layamba kale kuonetsa mng'alu. Sabata yathayi ndaona njerwa zina zatsitsidwa pageti pawo. Akuti n'zakhitchini.