Tisunge ndalama pa makanika, osati pa mabuleki

Mamotoka ambili amene ife acinyamata timakwanitsa kugula ni aja anayenda kale ku Japan: Corolla, RunX, Spacio, Vitz. Akafika kuno amapeza maenje, mahampu na matika a nthawi ya mvula. Sipatenga nthawi, kunsi kumayamba kugogoda ndipo mabuleki amayamba kulila. Ukapita ku galaji, mtengo umene angakuuze umakubweza kunyumba uli cete.

Ife tikuti nchito zambili za kunsi kwa motoka tingazicite tekha pa yadi. Koma ndalama imene tapulumutsa pa makanika iyenela kupita ku masipeya abwino. Tikacepetsa konse kuwili, tikuseŵela na moyo.

Kucinja ma pad a kutsogolo si ufiti. Akatsala mamilimita 3, acoke, ndipo timacinja mbali zonse ziwili tsiku limodzi kuti motoka isamakokele kumodzi. Caliper tisaileke ikulendewela pa paipi yake ya labala, tiimangilile na waya. Gilisi isakhudze pad kapena disiki. Tikamanga zonse, tiponde buleki kangapo mpaka ilimbe tisanacoke pa geti, cifukwa kuponda koyamba phazi limafika pansi popanda kugwila.

Cimene ambili timaiwala ni brake fluid. Imakoka madzi a mu mphepo pang'ono-pang'ono, ndipo ikakalamba imaŵila msanga. Potsika mapili a Manenekela pa Great East Road, mabuleki akatentha, m'pamene munthu amadziŵila kuti fluid inatha nchito kale. Tiziicinja pakapita zaka ziwili, ndipo tigule mtundu wolembedwa pa civinikilo, DOT 3 kapena DOT 4.

Ndalama ikacepa, tiyambe na cimene cingaphe munthu. Coyamba mabuleki, kenako ma ball joint na ma tie rod end, cifukwa ball joint ikacoka wilo limagona pansi motoka ili pa liwilo. Mashoki abwele pambuyo pake, naonso awili-awili. Citseko, galasi kapena nyali za salaula zilibe mlandu. Koma pad, paipi ya mabuleki na ball joint zocotsa ku motoka ina, palibe amene adziŵa kuti zatsala na masiku angati.

Palinso malo pamene tiyenela kuima. Tisaloŵe kunsi kwa motoka imene yakhala pa jeki cabe kapena pa mabuloko a simenti, amaphwanyika osacenjeza. Tibweleke ma stand acitsulo. Sipuling'i ya pa shoki ya kutsogolo imakhala yopanikizika mwamphamvu, ndipo kuimasula popanda copanila cake kungathyole dzanja kapena nkhope. Buleki ikakhalabe yofewa titacotsa mphepo mu mapaipi, kapena nyali ya ABS ikakana kuzima, tipite kwa ba makanika. Tikacinja ma tie rod end, tilipile alignment, apo ayi matayala adzadyeka mbali imodzi. Safunsa anadya phula.

Ena amati bola motoka ipase fitness ya RTSA, zina zonse n'kutaya ndalama. Koma pepala ija imakamba za tsiku limene anaiyesa. Motoka yothamanga makilomita 60 pa ola imapita mamita pafupi-fupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo liwilo likawilikiza kawili, mtunda umene mabuleki afunika kuti aiimitse umawilikiza kanayi. Mu makomboni mwathu ana amadumpha msewu osayang'ana, ndipo minibasi imaima paliponse pamene yaona munthu.

Conco tiphunzile kugwila sipanala, tibwelekane zida, ndipo amene adziŵa aonetse anzake pa Ciŵelu. Malimu onyezimila na masipika a mu buti angayembekeze mwezi wamawa. Ma pad amene ayamba kukwecha citsulo afunika lelo.